Bolopeni ya Yotamu

Panali munthu wina kumadimba a kuseri kwa Lizulu, dzina lake Yotamu. Ndinamuona ndi maso angawa, amene amaona nsabwe pamutu pa munthu ali kutsidya kwa phiri, ndiye musandifunse kawiri.

Yotamu anasiyira sukulu mu Sitandade 2. Bambo ake atamwalira, amalume ake anamupatsa mkwapulo, nati ng'ombe sizidya zilembo. Anakula, nakwatira, nakhala mlimi wa tomato. Koma m'thumba la malaya ake simunkasowa bolopeni. Kumaliro bolopeni, kudimba bolopeni, posamba kumtsinje ankachita kuiluma. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo n'kumaimba za pamtima. Wina akamupatsa pepala, ankatikita m'maso n'kunena kuti magalasi waiwala kunyumba. Magalasiwo palibe anawaonapo.

Moyo wake unali wongoloweza. Basi ankaizindikira ndi nkhope ya kondakitala. Mankhwala opopera tomato ankawadziwa ndi chitsekero cha botolo: chofiira n'cha chiwawu, matenda aja owaula masamba. Sukulu ya kwacha itabwera yoti akuluakulu aphunzire kuwerenga, iye anangosisita bolopeni, nati imeneyo ndi ya ena.

Chaka china mwana wake Enelesi anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Fizi, yunifolomu, sutikesi, zonse zinali zikulendewera m'dimba. Ine ndalimapo tomato woti mmodzi yekha kudzaza ngolo, ng'ombe n'kukana kukoka, koma wa Yotamu chaka chimenecho ndinamuvulira chipewa.

Chiwawu chitayamba m'madimba a anzake, Yotamu anapita kumsika, naloza botolo la chitsekero chofiira. Wogulitsa, amene anthu osawerenga ankawafotokozera zonse, anayang'ana bolopeni ija, nangokulunga botolo osanena kanthu.

Kunyumba anapeza amuna anzake akusewera bawo pakhonde. Enelesi anagwada kulandira katundu, naliona botolo.

"Ababa, ili likuoneka lachilendo. Ndikuwerengereni?"

Bawo inaima. Maso onse anali pa Yotamu. Iye analanda botolo, nalikweza kumaso, nayendetsa milomo pang'onopang'ono, bolopeni ikutsata mizere.

"Ndawerenga," anatero. "Ndi omwe aja."

Kutacha anapopera dimba lonse, mzere ndi mzere, osasiya ngakhale tsinde limodzi. Anali munthu wakhama.

Mankhwalawo anali opha udzu. Sabata isanathe, dimba linali ngati mwadutsa moto wolusa. Ine ndinaona chilala chimene ng'ona zinkayenda m'makomo kupempha madzi akumwa, koma munda wakufa ngati uja sindinauone.

Enelesi anawapeza bambo ake atakhala pamzere, atagwira tsaya. Iwo anayamba kunena za wogulitsa wachinyengo, kenako za magalasi. Mwanayo anadikira kuti amalize.

"Ababa, za magalasizo tizisiye. Ife timadziwa. Amayi amadziwa, abusa amadziwa, a bawo aja amadziwa. Timangokusungirani ulemu."

Chinsinsi chimene Yotamu anachibereka kumsana moyo wake wonse chinali chodziwika ndi nkhuku zomwe.

Tsiku limene anzake ananyamula masutikesi, Enelesi anamanga zovala m'chitenje, ulendo wa ku Lilongwe kukalera mwana wa eni. Pasiteji bambo ake analibe choti amupatse. Anasolola bolopeni ija, namupatsira ndi manja awiri. Mwanayo anaiyesa pachikhatho. Sinalembe. Inali itauma kalekale. Anaibweza m'thumba mwa bambo ake, naikonza kuti ioneke bwino, nakwera basi.

Lero Enelesi ndi mayi. Akuchapabe zovala za eni, ndipo mwana wake woyamba, nthawi imene anzake ali m'kalasi, amakhala pamsewu ndi beseni la mandasi. Yotamu anamwalira. Anamuika ndi malaya omwe aja.

Tsono inu amene mwakhala pano, ambirife tinatuluka m'kalasi belu lisanalire, ndipo si ife tinasankha. Zimenezo zinatipweteka kale, sizibwerera. Koma ine ndemwe, amene mphepo imayamba yandifunsa isanaombe, botolo likabwera ndimaitana wodziwa, n'kumuuza kuti awerenge mokweza, abwerezenso. Sindinafupike nazo msinkhu.

Chimene mukubisacho mudzi wonse ukuchidziwa. Amene sakuchidziwa ndi wogulitsa mankhwala yekha, ndipo ndi yekhayo amene anafunika kumva. Yotamu anapulumutsa nkhope yake pamaso pa amuna a bawo, amene analibe nayo ntchito. Anatsala ndi bolopeni. Enelesi ndiye anapita.