Tsiku Limene a Makiyi Anasenza Chitseko Chawo

Ukangomva ngwenjerengwenjere pakhonde, unkadziwa kuti alandilodi atuluka. Makiyi onse a pamalopo ankakhala pa lamba wawo: wa geti, wa bafa, wa khola la nkhuku, ngakhale wa sutikesi imene inabedwa kalekale. N'chifukwa chake msewu wonse unkawatcha a Makiyi, ndipo eni akewo dzinalo ankalinyadira ngati digiri.

Nyumba yawo inali ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu. M'menemo munkachita lendi mayi wina, telala, wa ana amapasa ongoyamba kumene kukwawa. Anthu ankangomuti Make Mapasa. Tsiku limene ankalowa, amene anakakamira kuti pakhale pepala anali a Makiyi omwewo. Anakagula fomu ya mgwirizano wa lendi ku shopu ya fotokope, n'kusaina ndi siginecha yopiringizika ngati ulusi wosokonekera. Koma kuwerenga, ayi. "Mapepala awa ndi oopsezera alendi basi," ankatero. Make Mapasa sukulu anailekezera panjira, koma pepala lakelo analiwerenga kawiri, chala chikulondola mzere uliwonse, n'kulipinda bwinobwino m'kadilowa ka makina osokera.

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa popanda wotola mnzake m'kamwa. Kenako tsiku lina m'mawa panaima mkulu wina wa suti yonyezimira, mafoni atatu ali m'manja, n'kuchiyang'ana chipindacho ngati fisi woona khola losatseka.

"Pano pangakome shopu ya mafoni," anatero. "Lendi imene mukulandira panopa, ine ndingaipinde kawiri. Chitseko chokhachi n'chofunika kuchidula pakati, chakumtunda chizitseguka ngati windo logulitsirapo. Chingapezeke liti chipindachi?"

"Lolemba!" anayankha a Makiyi, mawu asanathe n'komwe m'kamwa mwa mnzawoyo.

Wamafoniyo atangokhota, a Makiyi anavina kuchokera pageti mpaka kukhitchini, makiyi akuwaimbira ng'oma m'chiuno. Akazi awo anali akutsuka mbale.

"Mayi, siyani mbalezo, tavina! Chaka chino muvala nsapato zogogoda!"

"Nanga Make Mapasa?"

"Atuluke."

"Pepala munasaina lija likuti chiyani?"

"Pepala ndinagula ndine. Lero lindiuze zochita?"

"Abambo, pafupi ndi khoti pali kaofesi kothandiza anthu pa zamalamulo, salipiritsa. Kafunseni kaye. Kufunsa sikumeta ndevu."

"Ndifunse? Pomanga nyumba ino ndinafunsa ndani? Njerwa izi zimandidziwa ndi dzina!"

Anapeza Make Mapasa akupalasa makina, mapini ali kukamwa, mwana mmodzi kumsana, wina akutafuna tepi yoyezera pansi pa tebulo.

"Make Mapasa, Lachisanu likamafika mukhale mutasamuka. Chipinda chino chapeza ntchito ina."

Mayiyo anachotsa mapini aja limodzilimodzi, osapupuluma, n'kuwabaya pa kapilo. Anatsegula kadilowa, natulutsa pepala.

"Alandilodi, tamverani. 'Mwininyumba akafuna chipinda chake, apereke notisi yolembedwa ya miyezi itatu.' Pansipa pali siginecha yanu, yokongola ija."

"Zimenezo ndi zongolemba."

"Lendi ndakulakwiraniko mwezi uti?"

"Palibe."

"Ndaswa chiyani?"

"Palibe, koma nyumba ndi yanga!"

"Nyumba ndi yanu, sindikukana. Ndilembereni notisi, miyezi itatu ndifune kwina, ndituluka ndikukuthokozani. Koma masiku atatu, ndi mapasa awa, mvula ino, ndikaike kuti makina? Kafunseni, bambo, akuuzani zomwezi."

A Makiyi anatuluka makiyi akulira mwaukali. Koma pofika pa mpopi, nzeru inawagwera ngati papaya lakupsa, ndipo anayamba kuseka okha. Mlendi sathamangitsidwa ndi pakamwa. Mlendi amathamangitsidwa ndi mphepo.

M'mawa mwake, Make Mapasa atapita ndi ana kuchipatala kukawayezetsa, a Makiyi anatsegula chipinda ndi kiyi wawo wapadera, natenga sikuludiraiva. Mahinjesi atatu, masikuluu khumi ndi awiri, chitseko chinagonja. Anachisenza pamutu, akuimba mluzu, kudutsa pa ogulitsa makala, pa okonza njinga, mpaka kwa kalipentala.

"Uchidule pakati, uikepo kashelefu, upake penti wachikasu."

Kalipentala anachizungulira chitsekocho, nakanda m'mutu. "Ichi si cha kwa telala uja? Wasamuka?"

"Asamuka lero lomwe lino."

"Bwana, mwafunsa koma? Mlamu wanga anazula loko wa mlendi wake, mpaka lero akamva mawu oti khoti amayetsemula."

"Iwe ntchito yako ndi sowo. Dula!"

Sowo inalira.

Make Mapasa atabwerako anapeza chipinda chili yasa ngati m'kamwa mwa nkhalamba yopanda mano. Mvula inali itawaza kale, ndipo nsalu za mayunifolomu a eni ake zimene anaziunjika pafupi ndi khomo zinali zitanyowa, utoto utathamangira pa zoyera. A Makiyi ankasuzumira pa windo lawo, kudikira kulira. Anaona mayiyo atafumbata ana ake onse awiri. Kenako anawaika pansi, natulutsa kafoni kake kosweka galasi, najambula khomo, mahinjesi ndi nsalu zonyowazo. Anaitana mayi wogulitsa makala ndi wokonza njinga kuti aone ndi maso awo. Anakhoma katani wamaluwa pakhomo, nakankhira kabati kuseri kwake, nasiya ana kwa mnansi, n'kuuyamba ulendo, pepala lili m'chikwama.

"Wapita kukafuna nyumba!" anakuwa a Makiyi. "Mayi, nsapato zija mukufuna zofiira kapena zakuda?"

"Wapita kukafunsa," anayankha akazi awo. "Zimene munakana inu."

Lachisanu linafika, Lolemba linadutsa, Make Mapasa osasuntha. M'malo mwake anakokera makina pakhomo penipeni pamene panali chitseko, moti aliyense wodutsa ankamuona akusoka. Anthu amene zaka zonse sankadziwa kuti pali telala anayamba kupatuka: uyu zipi, uyu thalauza long'ambika pamalo osatchulika, uyu kungofuna kumva nkhani ya chitseko n'kuchoka atayezedwa diresi. Mapasa nawo, poona kuti dziko latseguka, anayamba kuliyendera. Wina anapezeka m'khola la nkhuku za a Makiyi atakhala pa mazira. Mnzake analowa pabalaza n'kunyowetsa nyuzipepala imene alandilodi anali asanawerenge.

"Make Mapasa, ana anu bwanji osawatsekera?"

"Ndi chiyani, bambo?"

Msewu wonse unagwa ndi phwete. Wokonza njinga sankawalola kudutsa mwamtendere. "A Makiyi, kiyi wa chipinda chija mukadali naye? Mukutsegulira katani?"

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera mesenjala wa khoti ndi kalata ya samani. Wina aliyense mtima ukanamugwa, koma a Makiyi anaipsompsona.

"Wadzitengera yekha kwa ometa! Akuluakulu akangomva kuti nyumba ndi yanga, amutulutsa ndi apolisi."

Anatsukitsa jekete, napolisha nsapato, napukuta makiyi mmodzimmodzi ndi phulusa mpaka anawala. M'khoti analowa ngati mkwati. Woweruza anali mayi wamagalasi, wolankhula motsitsa ngati namwino.

"Bambo, chitseko anachotsa ndani?"

"Ineyo, bwana, ndi manja awa. Masikuluu khumi ndi awiri, mphindi zisanu zokha!"

Anatembenuka kuti aone ngati anthu agoma. Akazi awo anabisa nkhope mu mpango.

"Mlendiyu anali ndi ngongole ya lendi?"

"Ayi, pa zimenezo ndi munthu wabwino kwabasi."

"Munamulembera notisi?"

"Ndinamuuza pamaso, bwana. Ine sindibisa mawu."

"Munali ndi chilolezo cha khoti choti achoke?"

"Ndicho ndabwerera leroli."

"Siginecha iyi ndi yanu?"

"Palibenso wina angaikwanitse."

Woweruza anavula magalasi, nawapukuta, mapewa akugwedezeka pang'ono. "Bambo, mwatipeputsira ntchito, mboni zipume. Nyumba ndi yanu, inde. Koma mukalowetsa munthu n'kumalandira lendi yake, chipindacho ndi kwawo mpaka mutatsata zimene munagwirizana. Mukachifuna, mulembe notisi. Nthawi ikakwana iye n'kukana, mubwere kuno, khoti ndilo limatulutsa munthu. Kuzula chitseko, kusintha loko, kutseka madzi, kuponya katundu panja, zonsezo n'kudziweruzira nokha, ndipo ngakhale akanakhala ndi ngongole simukanaloledwa. Nsalu zinaonongekazo mugule zina. Ndipo dzuwa la lero lisanalowe, pakhomo paja pakhale chitseko chathunthu, chotseka ndi chokiya. Mesenjala akaona."

A Makiyi anatuluka makiyi ali chete, poti anawagwira ndi dzanja. Anathamangira kwa kalipentala. Chitseko chija anachipeza chili zidutswa ziwiri, chachikasu ngati m'kati mwa dzira, kashelefu kali pakati.

"Lumikiza!"

"Bwana, thabwa si nsalu."

"Ndiye panga china!"

"Masiku anayi, matabwa akapezeka."

Anayesabe kubwera nazo zidutswazo pa wilibala. Mesenjala anaziyang'ana, nayang'ana pepala lake, napukusa mutu. "Alemba kuti chathunthu." Anayeza chitseko cha bafa, chinachepa. Cha khola la nkhuku, nkhuku zomwe zikanaseka. Dzuwa linali litayamba kupendeka. Chitseko cha muyezo umenewo pamalo ponsepo chinali chimodzi chokha, cha mtengo wolimba, chopaka vanishi, chimene a Makiyi ankachipukuta okha Loweruka lililonse: cha pabalaza pawo.

Asanatsegule pakamwa, akazi awo anali ataima kale pambali, sikuludiraiva ili m'manja.

"Masikuluu khumi ndi awiri, abambo. Mphindi zisanu zokha."

Anachisenza pamutu, ulendo uno popanda mluzu. Mtunda unali waufupi, kungozungulira ngodya ya nyumba, koma anthu anadzaza ngati pali mpira. Wogulitsa makala analuluta. Wokonza njinga ankawatsogolera akuliza belu. Make Mapasa anawagwirira chitseko pomanga mahinjesi, ndipo atamaliza anangotambasula dzanja. A Makiyi anavula kiyi pa lamba, koyamba m'moyo wawo, n'kumuika m'chikhatho chake.

Nthawi yomweyo n'kuti wamafoni uja ataima kumbuyo kwa gulu, akuonera zonse.

"Achimwene!" anamuthamangira a Makiyi. "Musadandaule, ndilemba notisi lero lomwe. Miyezi itatu yokha basi."

"Miyezi itatu? Inetu sindinali pachangu. Katundu wanga akadali m'njira, afika mwina miyezi inayi ikubwerayi. Lolemba munanena ndinu, mukanandifunsa ndikanakuuzani. Koma pepani, kuika mafoni a anthu m'nyumba ya landilodi wozula zitseko, ayi. Ndapeza kale malo kuseri kwa msika."

A Makiyi anakhala pansi pa wilibala, pamwamba pa zidutswa zachikasu zija. Anayang'ana khomo la pabalaza pawo lili yasa, nkhuku imodzi italowa kale n'kukwera pa sofa. Mitambo inali ikusonkhana. Notisi ija sanaitchulenso, poti mlendi wolipira pa tsiku lake anali yekhayo amene anawatsalira.

Anadzuka, nakaima pa chitseko chawo chomwe, nagogoda.

"Ndani?"

"Ndine... alandilodi."

Chitseko chinatseguka pang'ono. "Ndingakuthandizeni, bambo?"

"Ndimati ndifunse. Katani wa pakhomo, wokhuthala, woti mphepo isamalowe, mungasoke lero?"

"Mwayamba kufunsa tsopano?" anatero Make Mapasa, akusekera m'kamwa. "Lowani, musaope, chitsekochi sichiluma. Tepi musavutike nayo, muyezo wa khomo lopanda chitseko ndimaudziwa pamtima. Mukufuna wamaluwa kapena wachikasu, afanane ndi zidutswa zanu?"

Masiku anayi a kalipentala anasanduka milungu itatu, ndipo masiku onsewo alandilodi ankalandirira alendo kuseri kwa katani wamaluwa, mapasa akulowa ndi kutuluka ngati kwawo. Akazi awo nsapato zogogoda sanazione, koma wina akawafunsa za chitseko ankaseka mpaka misozi. Mkazi anati funsani, mlendi anati funsani, kalipentala anati funsani, pepala lomwe linali m'nyumba likudikira woliwerenga. Iwo anaona chachikasu chikunyezimira, n'kuthamangira kuluma poyesa uchi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.