Mwendo wa Mbuzi Umene Sunadyedwe

Ana inu, pali mawu amene ine sindiwakonda ngakhale pang'ono. Munthu wamenyedwa, wavulala, akubuula, ndiye wina amene thupi lake lili gwa akubwera n'kumuuza kuti, "Ingoiwalani, zapita zapita." Kunena n'kosavuta. Paja chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Makolo athu sankaganiza choncho. Anatisiyira mwambi wa mawu awiri okha, ndipo lero ndikuuzani kumene unachokera, monga ndinamvera kwa amene anandilera.

M'mudzi wina wa kumapiri munali mayi woumba mbiya, dzina lake Nakwenda. Mwamuna wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Dolika. Nakwenda pakamwa pake panali pakuthwa, ndipo ambiri ankamuopa, koma manja ake aliyense ankawalemekeza. Mbiya yake ukaigogoda ndi chala inkalira bwino, yopanda mng'alu. Mtsuko wake unkaziziritsa madzi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Chimanga, mchere, nsalu, zonse zinkalowa m'nyumba mwake kudzera m'manja amenewo.

Tsiku lina masana anali kuchokera kumsika kumene anakasinthanitsa mbiya ndi nsalu ziwiri zatsopano. Pafupi ndi mtsinje anakumana ndi Zakeyu, mnyamata wa tsidya lina la mudzi, amene maganizo ake onse anali pa ulendo wa ku Joni koma analibe chogulitsa kuti apeze kamba wa panjira. Zakeyu anagwira nsalu zija. Nakwenda anazikakamira, akukuwa. Pamenepo mnyamatayo anatukula mpini wa khasu umene anali nawo n'kumumenya pamkono wamanja, pamwamba pa chikhatho. Fupa linathyoka. Amayi awiri otola nkhuni anaona zonse, koma pothamangira pamalopo anapeza Zakeyu atalowa kale m'tchire. Tsiku lomwelo anauyamba ulendo wake, ndipo sanatsanzike ngakhale amake.

Anthu anamunyamula Nakwenda, wodziwa za mafupa n'kumumanga ndi timitengo ta nsungwi. M'mawa mwake mlongo wake, Chalira, anapita kukatula mlandu, chifukwa iye ndiye anali mwini mbumba. Chalira anali munthu wabwino mtima, wosadziwa kukangana, koma anali ndi kachilema kamodzi: akamva fungo la nyama nzeru zinkamuthawa.

Anakafika kwa a Mpinganjira, amalume ake a Zakeyu. Awa anali mkulu wochenjera, katswiri wotchera misampha, wolankhula mofewa ngati akukuthandiza.

"Pepani kwambiri, a Chalira," anatero a Mpinganjira. "Mwana watichititsa manyazi. Koma mwini mlandu ndi amene wathawayu. Tiyankha chiyani ife iye kulibe? Pakali pano tengani aka, odwala akamwe msuzi."

Anawapatsa mwendo wathunthu wa mbuzi imene anapha m'mawa womwewo, wosasenda, atamanga luzi kuchiboda kuti anyamulire. Chalira anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Nakwenda anali gone pamphasa pakhonde. Anauyang'ana mwendo uja, n'kumuyang'ananso mlongo wake.

"Alongo, anati nyamayi ndi ya chiyani?"

"Anati ndi ya msuzi wa odwala."

"Nanga za mkono wangawu anati chiyani?"

Chalira anakanda m'mutu. "Anati mwini wake kulibe."

"Imvi zonsezi, alongo, mwalolera kuti akuphikireni m'mphika wopanda madzi? Tikangodya nyamayi, mawa adzati tinapepesana."

Apa ndiyenera kukufotokozerani, poti inu a masiku ano simuzidziwa. M'mudzimo, mlandu unkatha ndi chakudya. Wolakwiridwa akadya nyama yochokera kwa wolakwa, ndiye kuti mtima wake watsika, nkhani yatha, ndipo palibe amene angaiutsenso. A Mpinganjira ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Anangotchera msampha wina, nyambo yake n'kukhala mwendo wa mbuzi.

"Ndiye ndikabweze?" anafunsa Chalira, mawu ake ali achisoni.

"Mukabweza adzadya okha, n'kumati sanaione ikubwera. Kaipachikeni pamtengo wa masuku uwo, pamwamba pamene galu sangafike. Luzi lawolo musamasule."

Chalira anakwera mumtengo misozi ili pafupi. Anthu amati anakhala nthawi yaitali kumtunda kuja, akutsanzikana ndi nyamayo.

Patapita masiku atatu, mudzi wonse unadziwa kuti kwa Nakwenda kuli kanthu. Ntchentche zinachita msonkhano. Anansi anadandaula, ena anati mayiyu ululu wamusokoneza mutu, nyama yabwinobwino n'kumadyetsa mphutsi chaka chosowa ndiwo. Fungo litatha, panatsala fupa ndi chikopa chouma chokakamira pamwamba pake. Nakwenda anazitsitsa, anaziika m'kamtsuko, anamata kukamwa kwake ndi dongo, n'kukakweza pansanja m'nyumba.

Mkono unapola, koma unapola mopindika, ndipo zala zitatu sizinkafumbatanso. Mbiya yaikulu imafuna manja awiri, lina m'kati lina kunja, kukankhana mofanana pamene dongo likukwera. Nakwenda anayesa kangapo, koma mbiya zinkagwa zisanafike m'khosi. Tsiku limene anavomereza kuti sadzaumbanso mbiya ya mowa analira kwambiri, kuposa mmene analirira tsiku lomenyedwa. Khasu nalonso linkamupulumuka. Munda unachepa, ndipo zaka zina nkhokwe inkatha mvula isanagwe.

Komabe musaganize kuti anakhala mayi wa nkhope yakugwa. Ayi ndithu. Anaphunzitsa Dolika kuumba, iye n'kumakulungiza ndi mwala pogwiritsa dzanja lamanzere, uku akudzudzula chilichonse. Dolika anakwatiwa, zidzukulu zinabadwa, ndipo pakhomopo pankamveka kuseka. Kungoti chaka chilichonse, anthu akamaliza kukolola, Nakwenda ankavala nsalu yake yabwino n'kuwoloka mtsinje kupita kwa a Mpinganjira. Ankatenga madzi ake m'chikho ndi mbatata yake yootcha, kuti asalawe kanthu pakhomo paja.

"Odi kuno! Ndati ndidzakuoneni. Kodi a Zakeyu atumiza mawu?"

"Zii, mayi. Mwana uja anatchona."

"Chabwino. Mukamva za iwo, muwauze kuti ine ndidakali moyo."

Ankacheza pang'ono za mvula ndi za nkhuku, kenako n'kutsanzika mwaulemu. Chaka chachisanu ndi chitatu a Mpinganjira anatopa naye, n'kuseka.

"Mayi, mukudzivutiranji? Nkhani ija inawola kalekale pamodzi ndi mbuzi."

"Kaya, tidzaona," anatero Nakwenda, akutola chikho chake.

Chaka chakhumi ndi chiwiri, mphepo yozizira itayamba, Zakeyu anatulukira. Anabwera ali bambo wonenepa, wachipewa, akukankha njinga yonyezimira, anthu awiri atamusenzera masutikesi. Abale ake anafulula mowa wa masiku atatu. Ndipo chinthu chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti mowawo anaufululira m'mbiya zakale za Nakwenda, chifukwa m'dera lonselo munalibe zina zolimba ngati zimenezo. Nakwenda anadikira kuti ng'oma zileke, alendo abalalike. Sanafune kuti wina adzanene kuti anasokoneza chimwemwe cha mayi wolandira mwana wake. Tsiku lachinayi anatuma Chalira kukatula mlandu kubwalo.

Nyakwawa ya mudziwo inali yatsopano, mayi wofatsa amene anali namwali pamene izi zinkachitika. Anthu anadzaza pabwalo m'mawa, ena atakwera m'mitengo. Mmodzi wa amayi otola nkhuni aja anali atamwalira, koma winayo analipo, ndipo anafotokoza zonse monga anazionera. Zakeyu anangoti zyoli. A Mpinganjira ndiwo anaimirira, atatsamira ndodo.

"Zoti mwana wathu analakwa sitikukana," anatero. "Koma nkhaniyi inatha. Ine ndinapha mbuzi, ndinapereka mwendo wathunthu kwa mwini mbumba. A Chalira, kodi simunalandire ndi manja anu awiri?"

"Ndinalandira," anayankha Chalira, akuyang'ana pansi.

"Mwamva nokha. Kodi mlandu umadyedwa kawiri?"

Pabwalo panamveka manong'onong'o. Ambiri anali ana pa nthawi ija, ndipo akulu amene ankakumbukira fungo lija sankadziwa ngati mwendowo anaupachika wathunthu kapena atadulako. Nyakwawa inatembenukira kwa Nakwenda.

"Mayi, ngati munadya, ine ndilibe mawu. Mwambo ndi womwewo."

Nakwenda anadzuka pang'onopang'ono, kamtsuko kakuda ndi mwaye kali m'khwapa. Anakaika pakati pa bwalo, anagogoda dongo la kukamwa ndi mwala, n'kutulutsa fupa lija. Analikweza m'mwamba ndi dzanja lake lopindika, kuti anthu aone zonse ziwiri.

"Inu amene mumaphika, tayang'anani. Chiboda chilipo. Ubweya ulipo, sunawawulidwe. Mpeni sunadutsepo, dzino silinakhudzepo. Nanga luzili anamanga ndani?"

Fupa linayenda m'manja mwa akuluakulu. Litafika kwa mkulu wina wosaka nyama, iye anayang'ana mfundo ya luzi n'kuseka.

"Iyi ndi mfundo ya msampha wa gwape. M'mudzi muno amamanga chonchi ndi munthu mmodzi yekha."

Maso onse anapita kwa a Mpinganjira, poti tsopano zinaonekeratu kuti mwendowo unali womwe uja anapereka iwo. Mkuluyo analandira fupalo, analitembenuza uku ndi uku, n'kukhala pansi. Msampha wake unagwira mwini wake.

Pamenepo Zakeyu anavula chipewa, anayenda chogwada mpaka pamapazi a Nakwenda.

"Amayi, ndinakulakwirani. Nsalu zija zinandithera pa njira, sizinandifikitse ndi pakati pomwe. Koma kulira kwa fupa lanu ndakhala ndikukumva zaka zonsezi. Tengani njinga ija, ndi yatsopano."

"Njinga ndiigwira ndi chiyani, mwana wanga?" anafunsa Nakwenda, ndipo anthu anaseka. "Sunandilande njinga. Unandilanda dzanja. Ndikufuna dzanja."

Nyakwawa inakambirana ndi akuluakulu, ndipo inagamula chonchi: Zakeyu abweze nsalu ziwiri, apereke mbuzi zazikazi zitatu za chipepeso ndi tonde mmodzi wophera pabwalo. Kuwonjezera apo, alime munda wa Nakwenda madzinja anayi, ndipo azikumba dongo kumtapo n'kumalisenza mpaka pakhomo pake nthawi iliyonse imene Dolika afuna kuumba. Atamva za dongo amayi anaimba nthungululu, chifukwa kusenza dongo inali ntchito ya akazi, ndipo palibe anali ataonapo mwamuna wachipewa ali ndi nkhata pamutu.

Tonde anaphedwa masana omwewo. Nakwenda ndi Zakeyu anapisa m'mbale imodzi anthu onse akuona, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mwendo wathunthu anaupereka kwa Chalira, amene anaudikira zaka khumi ndi ziwiri. Amati sanagawireko aliyense.

Podya paja, munthu wina anawafunsa a Mpinganjira monyogodola kuti, "Kodi paja munkati nkhaniyi inawola?" Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Inawola ndi nyama, mwanawe. Mlandu suwola."

Sindikunamizani kuti mkono wa Nakwenda unawongoka. Unakhala wopindika mpaka kumanda. Koma nkhokwe yake inadzazanso, mbuzi zinaswana, ndipo mbiya zazikulu zinayambanso kutuluka pakhomo paja, Dolika akuumba, Zakeyu akusenza, Nakwenda akudzudzula onse awiri. Madzinja anayi atatha, Zakeyu sanaleke kubwera. Ankati kumeneko ndi kokha kumene ankadya mtima uli m'malo.

Ndiye mukamva akulu akuti "mlandu suwola," tanthauzo lake ndi ili: cholakwa sichitha chifukwa choti masiku apita, kapena chifukwa wolakwa wathawira kutali. Chimatha pamene wolakwa wavomera n'kukonza zimene anawononga. Mwambiwu uli ndi mbali ziwiri. Kwa wopweteka mnzake ukuti, thawa mmene ungathawire, udzaupeza ukukudikira pakhomo. Kwa wopwetekedwa ukuti, usabwezere ndi mpini, komanso usagulitse chilonda chako ndi kanyama ka tsiku limodzi. Kanene kumene milandu imanenedwa, sunga umboni wako pouma, ndipo pitiriza kukhala moyo.

Fupa lija Nakwenda sanalibwezerenso pansanja. Madzulo a tsiku la mlandu lija analiponyera galu wa a Mpinganjira, ndipo m'kamtsuko muja anayamba kusungiramo mchere.