Kalipentala Amene Ankathawa Chitseko Chake

Panali kalipentala wina amene anali ndi shedi yake pamsika wa m'mbali mwa msewu. Luso anali nalo, zimenezo sindikana. Tsiku lina anapangira chitseko mayi wina wamasiye, dzina lake Nankhoma. Anakachiika m'chilimwe, matabwa ali ouma gwa, ndipo chinkatseka bwinobwino. Mayiyo anathokoza. Kalipentala anakwera njinga yake, osacheukanso.

Mvula itayamba, chitseko chija chinamwa chinyezi n'kutupa. Chinakana kutsekeka. Mayi Nankhoma akamapita kumunda ankangochikoka n'kuchimanga ndi kachingwe.

Kalipentala ankadziwa kuti thabwa limatupa m'dzinja. Alipo kalipentala amene sadziwa zimenezi? Ndipotu njira yake yopita kogula matabwa inkadutsa pakhomo pomwepo. Chimene chinkafunika n'kungoima, kupereka moni, n'kufunsa kuti, "Mayi, chitseko chija chikuyenda bwanji?" Koma iye mumtima anati, "Ndikaima andidandaulira." Ndiye anayamba kuzungulira njira yakudambo, kumakankha njinga m'matope, munthu wamkulu kuthawa chitseko chopanga yekha!

Tsiku lina mbuzi zinakankha chitsekocho, kachingwe kanaduka, ndipo zinadya chimanga chimene mayiyo ankati chimufikitsa ku masika ndi ana ake. Kutacha, mayi anapita kushedi. Kalipentala atamuonera patali, anabisala kuseri kwa mulu wa matabwa. Mayi anaodira. Anaodiranso. Kenako anayang'ana pansi.

"Bambo, mapazi anu ndikuwaona," anatero mayiyo. "Sindinabwere kudzakangana nanu. Ndimati mudzangopala pang'ono m'mphepete mwa chitseko chija. Komanso achimwene anga amaliza kumanga nyumba za lendi, ndiye anandituma ndidzakufunseni za zitseko ndi mawindo. Koma poti mwachoka, tsalani bwino."

Mapazi aja sanasunthe. Manyazi anali atamugwira mwini wake.

Mayi Nankhoma anawoloka msewu n'kupita kwa kalipentala wina. Ameneyu luso lake linali lapakatikati, koma anapita tsiku lomwelo, anapala chitseko, chinatseka. Mvula ina itagwa anabweranso kudzafunsa ngati chikutsekabe. Zitseko za nyumba za lendi anapanga ndi iyeyo. Mabenchi a kutchalitchi kwa mayiyo anapanganso ndi iyeyo. Kalipentala woyamba uja anatsala pashedi akuuza aliyense wodutsa kuti anthu a dera limenelo sadziwa kuyamikira ntchito yabwino.

Mukuseka? Ine sizikundiseketsa. Inu amene ndikukuphunzitsani ntchitoyi, mabedi ndi matebulo aja tinapereka mwezi watha, ndani mwa inu wapita kukaona ngati sakugwedera? Palibe. Foni muli nazo m'matumbamo, ntchito yake n'kuonera mpira. Ndalankhula mpaka pakamwa kuuma. Munthu amene wagula kwa inu akakhala chete, musamati wakhutira. Mwina akumanga chitseko chanu ndi kachingwe, uku akufunsa anzake za kalipentala wina. Akakudandaulirani, thokozani, chifukwa ndiye kuti akukufunanibe.

Ikani macheka pansi. Mvula yagwa dzulo. Aliyense apite akafunse.