Fisi ndi Asilikali a M'magazi Ake

Khalani pansi, tcherani khutu. Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, kudambo kudagwa matenda otchedwa Thyolamafupa. Udzudzu ukakuluma lero, mkuja thupi moto, mfundo zonse ngati wina akuzisinja ndi munsi. Agwape adafa. Anjiri adafa. Ngakhale njati zidagona chagada.

Fisi adadwala nawo, koma adachira. Mukudziwa mmene zimakhalira, abwino amapita, mbava zimadzuka.

Tsono kuseri kwa phiri kudali dambo lina kumene matendawo adapululako nyama. Mitembo idali mbwee, woiika palibe. Mphepo ikabweretsa fungo, Fisi malovu chuchuchu. Ankafuna kukadya, koma kamantha kadalipo: kodi munthu wodwalapo kale angadwalenso? Adapita kukafunsa Nungu.

Nungu adali mayi wa kulabotale. Jakisoni sankasowa, ankangosolola munga kumsana. Adalinso ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo ukayandikiza khutu unkamva zimene tinthuto tikunena.

"Alamu," adatero Fisi, "ine ndidadwala kale. Tandiuzani kuti sindingadwalenso, ndili ndi ulendo."

"Sindinena chimene sindinayese," adayankha Nungu. "Bweretsani mkono."

Cho! Adamubaya, natenga magazi.

Poyamba Nungu adatulutsa kambale kagalasi. "Thupi ndi mudzi wa tinyumba ting'onoting'ono, timati maselo. Ndaika tina m'kambalemu. Pano ndikudonthezamo malovu a udzudzu wa dambo lathu lino. Suzumirani."

Fisi adasuzumira. Adaona kachilombo kozungulira ngati njere ya bonongwe, katavala chikhoti. Kadafika pakhomo la kanyumba.

"Odi kuno!"

"Lowani, alendo," adatero mwininyumba, natsekula.

Fisi adalumpha chambuyo. "Aa! Sikathyola chitseko?"

"Kathyolerenji? Chikhoticho chikufanana ndi cha abale a mwininyumba. Onaninso."

M'katimo kachilombo kadavula chikhoti, kadakhala pampando. "Siya ntchito zako," kadauza mwininyumba, "uziumba ana anga." Mwininyumba adaumba, adaumba, adaumba. Nyumba idadzaza mpaka phuu! Tiana tidamwazikira m'nyumba zoyandikana, kalikonse odi, kalikonse odi.

"Mayo ine!" adakuwa Fisi. "Ngakhale ine sindiba chonchi!"

Kachiwiri Nungu adatenga kambale kena. Adaikamo maselo, adaikamo kachilombo komweko, nadonthezamo magazi a Fisi. Fisi adasuzumira. M'magaziwo mudatuluka asilikali a m'thupi, akuthamanga.

"Iwe, takudziwa! Ndiwe udatigonetsa pamphasa dzinja lathali!"

Adakagwera, adakamanga manja ndi miyendo. Kadalephera ngakhale kunena odi.

Fisi adavina mpaka kugwetsa mabotolo. "Mwaona, alamu? Asilikali anga amenewo! Anyamata odya nyama!"

"Dikirani, a Fisi. Kamene kamangidwaka nka dambo lathu. Ka kuseri kwa phiri sindinakayese. Ndi pachibale, inde, koma si kamodzi."

"Ndiye yesani msanga."

"Sizichitika msanga. Ndikagwire udzudzu wa kumeneko, kachilomboko ndikalere m'mbale kachuluke, kenaka..."

"Kenaka, kenaka! Nyama ikuwola uko, miimba ikundidyera, inu muli kenaka! Anthu ophunzira mumachedwa ngati maliro a mfumu."

Adamenyetsa chitseko, ulendo.

Kuseri kwa phiri, dzuwa likuswa mtengo, udzudzu udamuzinga ngati utsi. Fisi sadauthamangitse. Adachita kuutambasulira mimba.

"Lumani, adzukulu, lumani! Mukutopa chabe."

Udzudzu wina udanong'oneza unzake, "Bambo awa mutu ukuyenda bwino?"

"Zisiye," udatero unzakewo, "iwe imwa."

Fisi adakhalako masiku ambiri akudya. Adadya gwape, adadya njiri, adadya njati mpaka ziboda. Pobwerera miyendo idayamba kulemera. Thupi moto. Atalavula adaona magazi, ndipo sadali a njati. Adafika kulabotale chokwawa.

Nungu adamuyang'ana, minga yonse gwa pansi.

"Ndidatumiza mawu kwa akazi anu kuti musapite," adatero, "koma mudali mutapita kale. Kachitatu ndayesa. Magazi ndi anu omwe aja, kachilombo nka kuseri kwa phiri. Suzumirani nokha."

Fisi adadzikoka, adasuzumira. Asilikali ake adatuluka akuthamanga ngati kale.

"Iwe, takudziwa!"

Adakagwira mkono. Kenaka adakayang'anitsitsa, nayamba kukanda m'mutu.

"Nkomwe kaja aka?"

"Mphuno ndi yomweyo, koma maso ayi."

"Chingwe chathu sichikukwana. Titani?"

"Tiyeni tikapereke ku nyumba yaikulu kumene timaphera adani. Akakaone akuluakulu."

Adayenda nako osakamanga, wina uku wina uku, ngati akuperekeza mkwatibwi. Pakhomo la nyumba yaikulu odi adachita ndi asilikali eniake. Chitseko chake, chimene sichitsekulira mlendo wamba, chidatsekuka chonse. Kachilombo kadalowa, kadathokoza, kadavula chikhoti, kadakhala pampando.

"Siyani ntchito zanu, muziumba ana anga."

Fisi kukamwa yasa. Adapukuta maso, adasuzumiranso. Zomwezo.

"Alamu, amenewa ndi asilikali a yani?"

"Anu."

"Anga ine? Omwe ndimawadyetsa ine?"

"Anu enieni. Mukadapanda kudwala kale, kakadavutika kupeza khomo limenelo. Lero akukalowetsa ndi anyamata anu omwe. Zimene mukuona m'kambalemu, ndi zimene zikuchitika m'thupi mwanu pano."

Fisi adadzigwira pamimba, ngati angamve odi m'katimo.

"Ndipatseni mankhwala!"

"Okapha ndilibe. Muzimwa madzi ambiri, ndipo mugone m'masikito ngakhale masana, kuti udzudzu usatenge kwa inu kukapatsa ana anu."

"Ndifa?"

"Sindikudziwa, a Fisi. Chimenecho sindinayese."

Adamunyamula pamachira. Adagona mpaka udzu udauma m'dambo. Magazi m'kamwa, magazi m'mphuno, akazi ake kulira mpaka mawu kutha. Kufa sadafe. Koma tsiku limene adati aimirire, miyendo yakumbuyo idakana, chiuno chidagwa, ndipo sichidadzukenso. Mukamuona lero akuyenda chokoka matako, musati ndi mayendedwe a chifumu. Ndi nyama ya kuseri kwa phiri imeneyo.

Phunziro lake silofuna sukulu. Kuchira kamodzi sikutanthauza kuti wathana nawo matenda, ndiye udzudzu usauseke. Ndipo amene akuyesa akakuuza kuti sanamalize, khala pansi, mimba iyambe yadikira.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa, akafukule isanasanduke khala.