Mphunzitsi ndi Chilembo cha m

Panali mphunzitsi wina wa masamu pasukulu ya sekondale yoyendera. Chaka ndi chaka, akafika pa phunziro la mizere yopendekeka, ankalemba pabolodi kuti y = mx + c, n'kuuza ana kuti m akuimira kupendekeka kwa mzere. Ankawonjezera kuti chilembocho chinachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kukwera. Ana ankalemba m'makope, osafunsa kanthu.

Chaka china mtsikana wa Folomu 3, dzina lake Esinati, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, zimenezi zili m'buku liti?"

Mphunzitsiyo anangomuyang'ana n'kupitiriza phunziro. Masiku amenewo kunali kutabwera mphunzitsi wina wa masamu, wongotuluka kumene ku koleji, ndipo kunkamveka manong'onong'o oti ndiye adzapatsidwe kalasi yolemba mayeso. Mphunzitsi wakale uja mtima unamuuza kuti mwanayu wachita kutumidwa ndi watsopanoyo.

Anayamba kuwazonda awiriwo. Akaona Esinati akupereka moni kwa mphunzitsi watsopanoyo, ankati akupangana. Akamva kuseka m'chipinda cha aphunzitsi, ankati akuseka iye. Anamusamutsira mtsikanayo kubenchi yakumbuyo, ndipo akakweza mkono ankachita ngati sakumuona. Esinati, amene ankatsogola pa masamu, anayamba kutsalira.

Sukulu itatsekera, mphunzitsiyo anakwera basi kupita kwa a Mwamadi, amene anamuphunzitsa iye masamu kalekale, tsopano atapuma pantchito. Ankafuna dzina la buku loti akatseke nalo pakamwa adani ake. Anawapeza akumata chubu cha njinga pakhonde.

"Aphunzitsi, nkhani ya m ija munaiwerenga m'buku liti?"

"Buku? Iyayi, mwana wanga. Ndinangoimva kwa munthu wina kumsonkhano wa aphunzitsi. Pambuyo pake ndinafufuza, umboni sindinaupeze. Ena amanena izi, ena izo. Ukanandifunsa kale, ndikanakuuza."

Mphunzitsiyo anabwerera kwawo alibe buku. Sukulu itatsegulira, anaima kutsogolo kwa kalasi.

"Zimene ndinakuuzani za chilembo cha m zilibe umboni," anatero. "Kumene chinachokera sindikudziwa. Esinati anafunsa bwino."

Anamuyang'anayang'ana kumbuyo kuja, koma sanamuone. Mnzake wokhala naye benchi imodzi anaimirira.

"Makolo ake amusamutsira kusukulu ina, aphunzitsi. Ankati inu mumadana naye."

"Nanga anamutuma ndani kuti andifunse?"

"Palibe. Ankafuna kubwereka bukulo kuti akawerenge yekha."

Inu amene mukundimva, ambiri a ife tasenza mawu amene tinangolandira kwa ena osamasula mtolo wake. Munthu akakufunsani kumene munawatenga, musathamangire kufufuza amene wamutuma. Fufuzani mawuwo. Ndipo ngati simukudziwa, nenani tsiku lomwelo, wofunsayo akadali pamaso panu.