Thadzi Anafungatira Foni

Chaka chomwe mafoni anafika kwa mbalame, kuseri kwa chigayo china kunkakhala Thadzi, Bakha, Nkhanga ndi Nkhukundembo. Mkangano wawo unali wa madeya. Chigayo chikatseka, madeya otayikira pansi ankagawa ndi wapampando wa mbalame zonse za pamenepo, ndipo wapampandoyo, a Nkhukundembo, ankayamba adya okha mpaka kulephera kuyenda. Nkhanga anati zakwana, pa chisankho chikubwerachi nayenso aima nawo.

Thadzi za ndalezo analibe nazo ntchito. Iye anali ndi mazira asanu ndi anayi pansi pa nkhokwe yakale, mazira ake oyamba, ndipo m'mawa uliwonse ankawatembenuza ndi mlomo limodzilimodzi, n'kuwawerenga kawiri. Anali nkhuku ya kameta, ya khosi lopanda nthenga ija, ndipo chibadwire palibe anamuuzapo kuti ndi wokongola. Njala yake inali imeneyo: mawu okoma awiri okha, iye basi mutu wabalalika.

Neba wake Bakha nayenso ankafungatira mazira pafupi ndi ngalande. Bakha anali wa mawu ochepa, ndipo foni analibe. Anayesapo kamodzi, koma phazi lake lotambalala linkadina zilembo zinayi nthawi imodzi, mpaka anatumizira apongozi ake mawu achipongwe asakudziwa.

Nkhanga anali ndi mazira akenso, khumi ndi awiri, obisa m'tchire. Koma kufungatira ndi kampeni siziyendera limodzi. Tsiku lachiwiri Thadzi atakhalira mazira, Nkhanga anatulukira pankhokwe paja, mawanga ali waliwali, foni yatsopano ili m'phiko.

"Odi kuno, achemwali," anatero Nkhanga. "Koma inu, khosi losalala ngati limeneli mukungolibisa pansi pa nkhokwe? Ena amachita kumetetsa pa ndalama, inu chobadwa nacho."

Thadzi anagwira khosi lake, naseka chamanyazi. "Musandinamize, asisi."

"Ndinamize inu kuti ndipeze chiyani? Landirani foni iyi. Pakuti mukungokhala, muzinditumizirako mauthenga pa gulupu yathu ya Mawanga Boma. Ndakuikani kukhala adimini."

"Adimini ndiye chiyani?"

"Mfumu ya pafoni. Wokunyansani mumangomuchotsa."

Thadzi anangoti kukamwa yasa. Pofika masana anali atadziwa kujambula, kutumiza, ndi kuika tizithunzi ta moto pansi pa mawu alionse a Nkhanga. Anachotsa Chinziri pa gulupu chifukwa chofunsa mafunso, kenaka anamubwezeranso kuti angoona ngati zimatheka. Mlomo uja unkatembenuza mazira unapeza ntchito ina, wangokhala jompho jompho pagalasi.

Vuto linali netiweki. Pansi pa nkhokwe inkabwera ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira n'kubwerera, koma pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigayo inkagwira bwinobwino. N'chifukwa chake lonjezo lalikulu la Nkhanga linali lakuti akapambana adzasamutsira chulucho m'khola, aliyense azigwira netiweki ali chigonere. Thadzi anatumiza uthenga umenewo kwa mbalame makumi anayi, ena kawiri.

"Kwerani pachulu mukajambule kavidiyo kovina," anatero Nkhanga tsiku lachinayi. "Mazira ndikuyang'anirani ine. Mtsogoleri ndi wantchito wa onse."

Thadzi anakwera. Anavina phiko limodzi lili pansi, anazungulira, anapukusa khosi lija, fumbi lili koboo. Asanatsike n'komwe, timitima tofiira tinayamba kugwa pafoni ngati matalala, ndipo tambala wina wa kutsidya kwa msewu analemba kuti, "Mayi, miyendo imeneyo ndi ya boma." Thadzi anawerenga mawuwo kakhumi ndi kanayi, ataima ndi mwendo umodzi.

Anabwerera dzuwa litapendeka, maso ali pafoni, n'kukhala pachisa chammbuyo ngati wokhala pampando wa mu minibasi. Anamva ngati chisa chadzaza kuposa kale, mapiko sakukwanira bwino. "Ndaonda ndi ntchito ya chipani," anadziuza yekha, napitiriza kuyankha tambala uja.

Chimene sanaone anachiona ndi Bakha. Popita kukamwa madzi, Bakha anapeza mazira a nkhuku atakunkhuniziridwa m'masamba a maungu kuseri kwa nkhokwe, Khwangwala ali pomwepo akupukuta mlomo. Asanu ndi limodzi anali atasanduka zikamba, atatu anali akadali ofunda. Bakha anawakankha ndi mlomo pang'onopang'ono mpaka pachisa chake, nawaika pakati pa ake, kenaka anapita kwa neba wake.

"Aneba, tadzukani muone chimene mwakhalira."

"Tumizani pa gulupu," anatero Thadzi osadzutsa mutu.

"Foni ndilibe, mukudziwa. Nkhanga wataya mazira anu, waikapo ake. Atatu ndapulumutsa, ali kwanga."

"Dikirani kaye, pali voisi yalowa."

Voisiyo, uthenga wa mawu ojambulidwa, inali ya Nkhanga, amene anaona Bakha akulowera kunkhokwe. Inkati abale chenjerani, adani ayamba kufalitsa bodza la mazira pofuna kusokoneza adimini wathu wokongola. Pansi pake panali chithunzi cha Bakha akumwa madzi pa chithaphwi chimodzi ndi Nkhukundembo. Pamalo ponsepo chithaphwi chinali chimodzi chomwecho, koma zimenezo palibe anazikumbuka.

Thadzi anayang'ana chithunzi, nayang'ana Bakha. "Akupatsani madeya angati, aneba?"

"Kudzuka kokha," anatero Bakha. "Simulipira. Mungodzuka n'kuyang'ana pansi."

"Ndikadzuka ndiye kuti ndakhulupirira adani."

Bakha anapukusa mchira nabwerera kuchisa chake. Thadzi anatumiza chithunzi chija kwa aliyense, naonjezerapo tizithunzi ta njoka titatu. Akanakhala kuti Bakha ali pa gulupu akanamuchotsa, ndipo zinamuwawa ndithu kuti sizikanatheka.

Masiku anathamanga. Thadzi anajambula mavidiyo ena asanu, anatchuka mpaka kwa nkhunda za kusiteji, ndipo ankatchedwa Mayi Khosi. Kupatula maulendo a pachulu, ankatsika pachisa batire ikatha basi, kuthamangira kuchigayo kukatchaja, n'kubwerera chammbuyo momwe muja. Mayi aliyense amadziwa kuti dzira la nkhuku limaswa pa sabata zitatu, koma sabata zitatuzo zinakwana chisa chili zii.

Tsiku lotsatira Bakha anabwera, kumbuyo kwake kukutsatira anapiye atatu. Onse atatu makosi anali ambee, opanda ndi kaubweya komwe. Thadzi atawaona, phiko linapita lokha pakhosi pake, miyendo n'kuyamba kudzuka isanatumidwe.

Foni inalira. Thadzi anakhalanso pansi. Anaganiza kuti nkhani yaikulu chonchi siyoweruza yekha, choncho anajambula anapiyewo n'kutumiza pa gulupu ndi funso lakuti, "Abale, kodi awa angakhale anga?"

Mayankho anabwera ngati njuchi. "Chithunzi chopanga ichi." "Onani makosiwo, achita kumata." "Masiku ano makina amapanga chilichonse, Mayi Khosi, musapusitsidwe." Nkhanga anangoika kachithunzi kolira ndi mawu akuti, "Afika mpaka pogwiritsa ntchito ana."

Thadzi anawerenga zonse, kenaka anayang'ana anapiye amene anali ataima patsogolo pake, mmodzi akumujompha chala. "Akuti ndinu opanga," anawauza.

"Mwajambula nokha chithunzicho, aneba," anatero Bakha.

"Mbalame makumi asanu ndi limodzi sizinganame zonse."

"Mwa makumi asanu ndi limodziwo, ndani wabwera kuno?"

Thadzi anabwezera maso pafoni, chifukwa tambala uja anali atatumiza kachithunzi ka duwa. Bakha anasonkhanitsa anapiye napita nawo kungalande. Wamng'ono pa onse anacheuka kawiri, koma Mayi Khosi anali otanganidwa.

Sabata yachinayi inali yowawa. Nthenga za pachifuwa zinathothoka, miyendo inachita dzanzi, ndipo madzulo ena Thadzi analembera Nkhanga kumbali kufunsa chifukwa chake mazira akuchedwa. Yankho linabwera msanga: "Ana anzeru amenewo, achemwali. Akudikira kubadwira m'boma latsopano." Thadzi anasangalala mpaka anaika mawuwo pa chithunzi chake.

Chisankho chinachitika pakhomo pa chigayo. Poyamba ankavota poponya njere ya chimanga m'chitini, koma ovota ankameza mavoti ali pamzere, ndiye anasintha n'kuyamba kuponya timiyala. Nkhanga anapambana kutalitali. A Nkhukundembo anafufuma, nafiira khosi, n'kunena kuti akasuma, koma kosuma kunalibe.

Chikondwerero chili mkati, Thadzi anamva kugogoda pansi pa mimba yake. Sanayang'ane. Anatembenuza foni, naloza pachisa, nayamba kujambula kuti gulupu yonse ione pompopompo. "Onani ana a boma latsopano," anatero mwachimwemwe.

Oyamba kulemba anali Nkhunda. "Mayi Khosi, ana amenewo bambo wake ndani?" Chinziri, amene ankasunga mangawa a kuchotsedwa kuja, analemba kuti, "Mwawerenga koma?" Kenaka tizithunzi toseka tinasefukira, ndipo tambala wa miyendo ya boma uja ndi amene anaika tambiri.

Apo m'pamene Thadzi anadzuka n'kuyang'ana pansi. Tiana tinali khumi ndi tiwiri, ta timizere pamutu, timiyendo tofiira, makosi odzaza ubweya. Zikamba zinali zolimba, za timadontho, zosongoka kumodzi. Dzira loterolo akanalizindikira ngakhale mu mdima, akanangolikhudza ndi mlomo kamodzi.

Nkhanga anafika ndi chigulu chomuvinira. Anaima patali pang'ono, nalira kamodzi kulira kwa kwawo, tiana tonse n'kuthamangira kwa iye osacheuka.

"Asisi, mazira anga ali kuti?" anafunsa Thadzi.

"Achemwali, mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero Nkhanga akuwerenga ana ake. "Mwatumikira dziko. Dzina lanu silidzaiwalika."

"Nanga chulu chija chibwera liti kukhola?"

"Tikhazikitsa komiti. Komanso foniyo bweretsani, ndi ya chipani."

Asanaipereke, Thadzi anaona uthenga womaliza: anali atachotsedwa pa gulupu, ndipo adimini watsopano anali Chinziri. Madzulo amenewo madeya anagawidwa mwa dongosolo latsopano. Anayamba kudya ndi wapampando, kenaka ana a wapampando khumi ndi awiri, ndipo mbalame zina zinayamba kunena chapansipansi kuti Nkhukundembo uja ankadya ndi mlomo umodzi wokha.

Thadzi sanapite kumadeya. Anatsikira kungalande, akuyenda mopepuka modabwitsa popanda foni m'phiko. Anapeza anapiye atatu aja m'mphepete mwa madzi, akuyenda chopendamapendama ngati abakha, miyendo ili matope okhaokha.

"Amayi," wamkulu anaitana Bakha, "azakhali a foni aja abwera."

"Si azakhali amenewo," anatero Bakha. "Ndi mayi anu."

"Koma anati ndife opanga."

Kwa mwezi wathunthu Thadzi ankayankha mbalame makumi asanu ndi limodzi nthawi imodzi, koma apa anasowa choyankha kamwana kamodzi. Anatembenukira kwa Bakha nati, "Aneba, ndinakulakwirani."

"Zimenezo tikambirana," anatero Bakha. "Panopa atengeni. Dzulo wina anafuna kusambira, ndinachita kumuvuula pomukoka mchira. Ine kulera nkhuku sindikutha."

Anapiye sanasunthe. Ndiye Thadzi anachita chokhacho chimene ankachidziwa asanakhale Mayi Khosi: anapalasa pansi, napalasanso, mpaka anafukula nyongolotsi yonenepa. Sanadye. Anaiika pansi naitana chapansipansi, monga zimaitanira nkhuku zonse.

Wamng'ono uja, wocheuka kawiri, ndi amene anayamba kubwera. Enawo anatsatira chifukwa cha nyongolotsi, osati chifukwa cha chikondi, koma Thadzi sanasankhe. Pofika pansi pa nkhokwe anatambasula mapiko, ndipo malo anatsala ambiri, a ana asanu ndi mmodzi amene anathera m'mimba mwa Khwangwala. Anaweramitsa khosi lake la kameta, nayang'ana pansi, nawerenga kawiri. Anali atatu.

Phunziro: Foni ikakuuza zosiyana ndi zimene zaima patsogolo pako, dzuka uone chimene wakhalira. Wokutamanda nthawi ya kampeni kawirikawiri amakhala ali ndi mazira ake ofuna wofungatira.