Mbira Amene Anaulula Nkhokwe ya Mbewa

Mbewa ndi Mbira ankakhala m'makola oyandikana m'nyumba ina ya kafukufuku, momwe anthu a zovala zoyera ankafufuza za tulo ta nyama. Mkangano wa nyama ziwirizi unali wa nthawi yodyera. Mbira anali wodzimva, wa mtima woti chomwe chamukomera iye chikomere aliyense. Mbewa anali mayi wosamala, ndipo anali ndi tiana toyamwa.

Mwachibadwa, mbewa imadya kukada n'kugona usana. Koma ofufuza aja anayamba kubweretsa mbale dzuwa lili paliwombo, n'kuichotsa lisanapendeke, kuti aone chomwe chichitike. Mbewa atadya masana, tulo tinamuthawa: usana maso ali gwa, kukada njala ikumupotokola. Mkaka unayamba kuchepa.

Mayiyo anapeza nzeru. Mbale ikafika, ankatuta timibulu ta chakudya n'kutikwirira mu utuchi pakona ya khola, kenako n'kubwerera kukagona. Kukada ankafukula n'kudya. Tulo tinabwerera, ndipo tiana tinayamba kunenepa.

Mbira zinamuwawa ngati chakudyacho chinali chake.

"Inu mayi, ulesi wanji umenewu?" anatero Mbira. "Anzanu tikudya, inu muli pa mkonono!"

"Pepani bambo, thupi langa si lanu," anayankha Mbewa. "Inu mumadya masana n'kugona bwinobwino. Ine ndikatero, anawa ayamwa chiyani?"

"Zaziii! Mbale ikabwera, tonse tizidya. Ndinu ndani inu?"

M'mawa mwake wofufuza atalowa, Mbira anayamba kulira mokweza, mphuno ataitulutsa pawaya kuloza pakona paja. Munthuyo anadabwa, n'kupalasa utuchi ndi chala, ndipo nkhokwe yonse inaonekera poyera. Kuyambira tsiku limenelo, akachotsa mbale ankasesanso makona onse.

Mbewa anayambanso kudya masana, poti akanatani? Anawonda, maso anafiira, mkaka unauma. Kamwana kakang'ono pa tonse kanalira mpaka mawu anatha, ndipo tsiku lina kanapezeka katazizira.

"Kanali kofooka kale kameneko," anatero Mbira akutafuna.

Tamvani mawuwo, kuuza mayi wofedwa! Pepani yemwe sanatuluke pakamwa pake. Nkhanza zina zimachitwa ndi amene sanalandidwe kanthu n'komwe, ndipo zimenezo n'zimene zimanyansa koposa.

Ofufuza atamaliza ndi Mbewa, anamubwezera chakudya cha madzulo, n'kutembenukira kwa Mbira. Mbale yake inayamba kubwera kutada, n'kuchoka kusanache. Usana ankangozungulira m'khola njala ili tho, usiku mimba ili ndii, tulo osabwera. Ubweya wake wosalala unanyankhalala.

Anayesa kukwirira timibulu kuti adzadye masana. Koma anthu aja anali ataphunzira kale: m'mawa uliwonse chala chinkayambira pakona.

Tsiku lina masana Mbira anakwawira kuwaya.

"Mayi, ndithandizeni," ananong'ona. "Kodi chakudya munkabisa pati kuti asachione?"

Mbewa anatsegula diso limodzi, n'kukokera pafupi ana ake otsala.

"Pakona, bambo," anatero. "Pompaja munawaonetsa."

Ndipo anatembenuka n'kugona.

Phunziro: Nthawi yokukomera iwe si yokomera aliyense. Usatsekere mnzako njira yopulumukira chifukwa choti iwe sukuifuna lero, pakuti tsiku lodzaifuna udzaipeza utaitseka wekha.